Utsi Sunalowe M'dzenje

— Halo?

— Halo, Amayi, ndine Phumzile.

— Ndani? Kweza mawu, foni iyi yayamba kugontha ngati mwini wake.

— Phumzile, mwana wanu!

— Ohoo, dokotala wa miyala! Lero a ku Pitoliya akumbukira kuti ku Bethal kuli anthu?

— Aa, Amayi, si Lamulungu lomweli tinayankhulana? Mwadzuka bwanji?

— Ndadzuka, mwanangu, kaya iwe?

— Ndadzuka bwino. Nanga chifuwa?

— Chilipo, chipita kuti? Nyengo yozizira ino utsi umagona pansi ngati galu wodwala. Dzulo ndinachapa yunifolomu ya kutchalitchi, yoyera ija. Pokaanula ndinapeza yasanduka ya mpingo wina.

— Pampu ya mphumu munakatenga kukiliniki?

— Ndinatenga. Azakhali ako akupereka moni. Akuti ukwatiwa liti, kapena ukudikira mwala ukufunsire?

— Muwauze kuti ndamva.

— Yankhula msanga, magetsi anazima m'mawa, batire latsala kamzere kamodzi. Machumuni a kopangira magetsi ndikuwaona pawindo akufuka, koma ketulo yanga ili zii.

— Amayi, ndimati ndi...

— Dikira ndikuuze. Loweruka ndinapita kukalambula pamanda a bambo ako. Ndinawauza kuti, a Mtsweni, pirirani, mwana wanu akuti dzenje latha kuboola, chaka chino utsi uyamba kulowa pansi. Ndipo MaSibanyoni, wapakhomo loyandikana nalo uja, anandiseka. Akuti utsi ungaikidwe m'manda ngati munthu? Ndinati iwe, wako anaphunzira kukazinga magwinya, timandasi take tija, wanga anaphunzira za pansi pa dziko.

— Amayi...

— Halo? Wapita?

— Ndilipo. Mwakhala pansi?

— Ndaima. Wamwalira ndani?

— Palibe. Ntchito ija aiimitsa.

— Ntchito iti?

— Ya kufamu kuja, yotsekera mpweya pansi. Atiitana kuofesi m'mawa uno. Lolemba akathira simenti padzenje, makina achoka.

— Mwala wakana?

— Ayi, mwala ndi wabwino. Ndinauyeza ndi manja angawa. Taboola kupitirira kilomita imodzi, pansi pali mwala womwa ngati siponji, pamwamba pake pali wina wolimba ngati chivundikiro. Ukanasunga.

— Nanga chavuta n'chiyani?

— Choti tithiremo palibe.

— Palibe? Phumzile, bwera udzaime pakhonde panga! Utsi tikuchita kupuma ndi kutafuna, iwe ukuti palibe?

— Ulipo, koma kuugwira ndiye nkhani. Pamafunika makina akuluakulu pachumuni, ndipo makinawo amadya magetsi ambiri, omwe akuperewera kalewa. Kenaka mapaipi ochokera kumeneko kukafika kufamu. Amene analonjeza kutithandiza akunja aja akuti machumuni athu ndi okalamba, bola aziika mphamvu zawo kwina.

— Si iwe unandionetsa pafoni kuti kwa azungu zikutheka?

— Ku Norway zikutheka, amauthira pansi pa nyanja, papita zaka zambiri. Koma kumeneko wotulutsa mpweya amalipitsidwa kwambiri, ndiye kuukwirira kumamupindulira. Kwina konse zikuyenda mokwawa, Amayi. Ena amayamba, n'kusiyira panjira ngati ife.

— Ndiye anaboola kaye asanadziwe ngati malirowo abwera?

— Amati tiyambe taona ngati malo alipo.

— Manda okumba sagona opanda kanthu, mwanangu. Sunamvepo?

— Ndinamva.

— Halo? Ukulira?

— Ayi, ndi netiweki.

— Netiweki siifwenthera. Tamvera. Bambo ako anagwira mumgodi wa malasha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Chimene anapempha pomwalira n'chimodzi chokha: mukandigoneke kufamu kumene ndinabadwira, pambali pa amayi anga. Tinawagoneka. Ndiye unabwera iwe ndi anzako a zipewa zoyera, n'kunena kuti manda awo okha ndiwo ali panjira ya makina.

— Ndikukumbukira.

— Abale awo anakana. Azakhali ako anandinena kuti ndagulitsa mafupa. Ndinasaina ine, chifukwa unandigwira dzanja iwe.

— Amayi, pepani.

— Tsiku lowafukula ndinathyola nthambi ya kankhande kuti nditengere mzimu wawo. Ndinailipirira mpando wakewake mutakisi. Njira yonse sindinayankhule ndi wamoyo aliyense, mwambo suloleza, koma iwo okha. A Mtsweni, tikutuluka pageti. A Mtsweni, tikuwoloka mlatho. A Mtsweni, musakwiye, mukupatsa malo utsi umene unakuphani, nawonso ukagone pansi, adzukulu anu adzapume bwino. Anthu mutakisi anazimitsa wailesi, Phumzile. Dalaivala anavula chipewa.

— Amayi, pali china. Ndikapanda kunena lero sindidzanenanso.

— Nena, batire likuphethira.

— Ngakhale ntchitoyo ikanatheka, chimene tikanathira pansi si utsi umene mumauona.

— Ukuti bwanji?

— Ndi mpweya wina, wosaoneka, wosanunkha, umene ukutenthetsa dziko lonse n'kusokoneza mvula. Umene umakanda pakhosi, wodetsa zovala, ndi wina. Ukanachepako mwina, pang'ono. Koma bambo chinawapha ndi fumbi la mumgodi. Limenelo dzenje lathu silikanalikhudza.

— Unkadziwa?

— Ndinkadziwa.

— Pamene ndinkasaina?

— Ndinaona mmene munamvera, ndipo sindinakukonzeni. Ndinkaopa kuti mukana. Ndinkakhulupirira ntchitoyo, Amayi, mpaka pano ndimaikhulupirira. Dziko likufunika malo otere. Ndinkati ikayamba, zonse zidzaoneka zoyenera.

— Halo?

— Ndikukumvani.

— Ndimayesa yaduka. Ndiye kuti ndinawanamiza bambo ako kuchokera pageti la famu mpaka kumanda a masipala, a boma aja.

— Simunaname inu. Ndinanama ine.

— Pakamwa panali panga. Tsopano agona pakati pa alendo, pamzere wa manambala, pafupi ndi msewu wa malole. Tingawabwezere?

— Ndinafunsa m'mawa womwewu. Pamene panali manda anathirapo konkire ya makina. Mpanda ukhalapobe, akuti mwina tsiku lina ntchito idzayambiranso.

— Tsiku lina.

— Ndi mmene anenera.

— MaSibanyoni asamve msanga, angaphike magwinya achikondwerero.

— Amayi, ndikalipireni, chonde. Musaseke.

— Mpweya wokalipira ndiutenga kuti? Loweruka uli ndi chochita?

— Ntchito yatha, ndilibe.

— Ukwere takisi yoyamba. Uvale siketi yaitali ndi mpango kumutu, osati mabuluku ako a kumiyala. Tikapita kwa bambo ako.

— Ndikanene chiyani?

— Zimene wandiuzazi. Za Norway, za mapaipi, za mpweya wosaoneka, zonse. Anali munthu wa pansi pa nthaka, za miyala akazimva kuposa ine. Ulendo uja ndinayankhula ndine njira yonse. Uno ndikangogwada pambali.

— Akandikhululukira?

— Sindikudziwa, mwanangu. Ine ndikakhala nditakuphikira. Dikira... chifuwachi...

— Amayi? Pampu ili pafupi? Musayankhule, pumani kaye. Tsekani windo.

— Ndi... lotseka kale. Umalowa... pansi pa chitseko.

— Ndibwera Lachisanu, sindidikira Loweruka. Mwamva? Amayi? Halo?

— ...

— Halo, Amayi?