Aphunzitsi Ankalidziwa Dzanja Lija

Malemu Bambo Harlan Tidwell anabadwa pa 9 Malichi 1921 konkuno ku Marlow Creek, ku Georgia, m'banja la alimi a thonje. Ine ndine mng'ono wawo, Dewey. Ndikuona tchalitchi chadzaza mpaka pakhonde. Zikomo, koma tisanamizane, akulu angawa analibe abwenzi ochuluka chonchi.

Sukulu anayamba mu 1927, ndipo mu 1943 anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Pa 14 Juni 1947 anamanga banja ndi Mayi Verna, omwe akhala kutsogoloku atafumbata chikwama. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi malemu anaphunzitsa kulemba pasukulu ya ana a azungu okhaokha. Ambiri muno anakugwirani dzanja ndi iwowa pomwe munkaphunzira kupinda zilembo. Ankati nkhope amatha kuiwala, koma kalembedwe ka mwana amene anamuphunzitsa ayi.

Mu Meyi 1964 mpingo uno unakhala pansi kukambirana ngati anthu akuda angaloledwe kupemphera muno. Ofuna kuti chitseko chitsekedwe anauzidwa kuti aimirire. Tinaimirira tonse. Inde, ndi ine ndemwe, ndipo manyazi ake ndidzafa nawo. Malemu okha ndiwo anatsala pampando. Atafunsidwa chifukwa, anangoti m'Baibulo lawo sanapezemo mlonda woyang'ana khungu. Lamulungu lotsatira Bambo Ezell Gaines, munthu wakuda wokonza mapampu a madzi, anafika ndi banja lawo. Madikoni anakolekana mikono pamasitepe kuti asadutse. Malemu anatuluka, n'kuwalowetsa pakhomo la kumbali, n'kukhala nawo pabenchi yawo.

Lachitatu kunyumba kwa malemu kunafika kalata yolembedwa pamanja, yopanda dzina, yonena kuti udzu wouma suchedwa kuyaka. Lamulungu linalo, ife tikuimba muno, khola lawo linapsa. Mayi Verna, amene anatsala pakhomo ndi mwana wodwala, analowa m'moto kukamasula ng'ombe. Dzanja lawo lamanja silinatambasukenso mpaka lero. Apolisi anati inali mphezi. Mphezi, dzuwa likuswa mtengo!

Mu Ogasiti chaka chomwecho malemu anachotsedwa ntchito, ndipo anayamba ukalipentala umene anagwira mpaka 1989. Kutchalitchi sanasiye, ngakhale anthu ankaithawa benchi yawo ngati pali khate. Mpingo unatsegula chitseko mu 1979, ndiye mwadzidzidzi aliyense anayamba kunena kuti mumtima ankagwirizana nawo kuyambira kale. Mitima imeneyo ine sindinaione.

Wolemba kalata ija malemu ankamudziwa, poti anamuphunzitsa okha. Mayi Verna anapempha dzinalo zaka makumi atatu ndi zinayi, pena molira, pena mokalipa, koma osaphula kanthu. Malemu ankayankha kuti mwana akalakwa umamudikira abwere yekha. Choncho mayiwa akhala akupatsana moni wa m'manja ndi anansi zaka zonsezi, osadziwa kuti dzanja la wolembayo ndi liti. Zimenezi zawadya mtima kuposa bala la moto, ndipo ifenso zimatipweteka.

Matenda a mtima anayamba mu Januwale chaka chino. M'mawa wa pa 2 Novembala 1998 mayi anafunsa komaliza. Malemu anati: "Verna, ndadikira mokwana. Pamaliro anga adzabwera ameneyo, sangalephere. Udzangoika buku pakhomo." Anatisiya masana a tsiku lomwelo, ali ndi zaka 77.

Asiya mkazi, ana awiri, Lorene ndi Clay, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi amene atiphikira, ndi ana a Bambo Gaines amene apempha okha kunyamula bokosi.

Tikuthokozanso nonse amene mwalemba mayina anu m'buku la olira polowa, monga mwa mwambo wathu. Kalata ija ili m'chikwama chimene mayi afumbatacho, ndipo bukulo apita nalo kunyumba lero. Ndaona anthu atatu akulambalala tebulo la bukulo ngati sakuliona. Musavutike, cholembera chikadali pomwepo. Ngati alipo amene ali ndi mawu, mayi akhala pamene alipo mpaka tinyamuke kupita kumanda. Kubwera wekha kuli bwino kusiyana ndi kupezedwa.

Achimwene, inu mbali yanu mwakwanitsa. Usani mumtendere.