Tsiku Limene Ndinakana Kutsitsiridwa Mtengo

Kale, m'masiku amene likulu linali litangosamuka kuchokera ku Zomba, ku Eliya 12 kukadali fungo la penti ndi simenti, kwathu ku Mchesi kunabwera malonda okoma moti bambo anga anapha nkhuku. Ntchito yolandira pamwezi, yunifolomu, kanyumba kogona, zonsezo popanda satifiketi, ndipo mtengo wake unali wakuti mwana mmodzi angokhala pakhomo sabata ya mayeso basi. Sunthirani kuno anyamata inu, mvulayi sikata msanga, ndipo palibe amene abwere kudzayesa nsapato ndi mapazi amatope. Phimbani katunduyo mumve.

Ine mwandipeza pano pa msika wa Tsoka, ndipo lamulo langa mumalidziwa: wogulitsa akatsitsa mtengo iwe usananenerere, itembenuze nsapatoyo uone kunsi. Ena mumayesa kuti lamulo limenelo ndinaliphunzira pa mabelo a kaunjika, koma ayi, ndinaliphunzira pa achimwene anga, a Layisoni.

A Layisoni anali ndi mutu, mutu weniweni, osati iyi yathuyi yongovekera zipewa. Koma ali mwana anadwala poliyo, dzanja lamanja n'kupuwala, ndipo lamanzere limene anaphunzira kulembera linkanjenjemera, moti cholembera chawo chinkayenda ngati bilimankhwe: phazi limodzi, kaye kuganiza, kenako linzake. Aphunzitsi akafunsa pakamwa, iwo ankayankha funso lisanathe, koma akagawa mapepala, belu linkalira iwo ali pakati. Zimene alembazo zonse zokhoza, koma theka la pepala lili mbee. Inu a masiku ano mumati foni ndiyo ilibe chisoni ikatha moto, koma simunaione wotchi ya pakhoma m'chipinda cha mayeso.

Atafika sitandade eyiti, analimba mtima n'kupita kwa ahedi a sukulu yawo. Anati, "Bwana, mukanangondisiya pang'ono anzanga akatuluka, ngakhale theka la ola, ndingamalize." Ahediwo sanali munthu woipa ayi, ankaimba bwino kwaya. Anangoseka n'kuti, "Layisoni, mayeso a boma ndi mpikisano, ndipo pa mpikisano sadikirana." Ndi mmene zinalili nthawi imeneyo. Mwana wosaona bwino, wosamva, wolemba mochedwa, anthu ankangoti ndi mmene anabadwira, n'kumupatsa mbuzi kuti azidyetsa, ndipo aliyense ankagona tulo tabwino.

Tsono Lamulungu lina masana, titaweruka ku tchalitchi, ahediwo anatulukira ndi njinga yawo yakuda. Sukulu yawo inali ndi mbiri yotumiza ana ambiri ku sekondale, ndipo mwana aliyense wolephera anali ngati dontho la ndiwo pa malaya oyera, koma zimenezo sananene. Wogulitsa sanena za kunsi kwa nsapato. Iwo anati, "Bambo a Layisoni, mwanayu tisamuchititse manyazi. Chaka chino apume, chaka chamawa dzanja likalimba adzalemba. Pakadali pano mlamu wanga wapatsidwa nyumba ya boma ku Eliya 12, ndipo akufuna mnyamata wokhulupirika wa pageti. Geti silifuna manja awiri."

Mayi analulutira, ndipo bambo, amene anali kalipentala wodziwa kudikira makasitomala osabwera, anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. A Layisoni anali ataima pakhomo, dzanja lopuwala lija atalibisa kumbuyo monga ankachitira pakakhala alendo, ndipo anangofunsa mawu awiri: "Nanga mayesowo?"

"Iwe," anatero bambo, "anthu amalemba mayeso kuti apeze chiyani? Si ntchito? Ntchitoyo ndi iyi yabwera yokha pa njinga."

Tonse tinaseka, ahedi anadya chiwindi ndi nthutumba, ndipo ine ndinanyambita mbale. Chikomekome cha mkuyu, ana inu, m'kati muli nyerere.

Chaka chamawa mumachidziwa inu. Ndi kasitomala uja amene amayesa nsapato, n'kuyenda nayo uku ndi uku, n'kunena kuti mundisungire ndibweranso. Ahedi aja anasamutsidwa, mlamu wawo anasamutsidwa, m'nyumbamo munalowa bwana wina, kenako wina, koma geti linali lomwelo ndipo wotsegula anali yemweyo. Mitengo imene anaiona ikubzalidwa m'mbali mwa msewu inakula mpaka kuphimba madenga, iwo ali pomwepo.

Ine sukulu ndinaisiyira sitandade fili n'kuyamba kugulitsa mtedza pa depoti, ndipo chilichonse chimene ndimadziwa cholemba ndinachiphunzira pa geti limenelo. Lamulungu masana ndinkawoloka mtsinje wa Lilongwe n'kuyenda wapansi mpaka kumeneko, m'misewu ya zii yomwe umamva agalu okha ndi mapaipi othirira maluwa, ndipo achimwene ankandikhazika pa chitini, n'kutulutsa nyuzipepala zakale za abwana. Ankandiwerengetsa mpaka malonda a matayala. Ndikalakwitsa sankakalipa, ankangoti, "Bwereza, kuno kulibe belu." Masiku amenewo ndimawasowa. Mphepo ya Juni, mbatata yootcha titagawana, ndi mawu awo aja osathamanga.

Koma chimene chinkandidabwitsa n'chakuti chaka chilichonse mayeso a sitandade eyiti akatha, iwo ankapempha pepala la mafunso kwa ana a antchito anzawo, n'kukhala nalo pansi, kabuku pa bondo, n'kumayankha. Galimoto ikaliza hutala ankaimirira, kutsegula, kutseka, n'kubwerera pa funso lomwe anasiyira. Panalibe wowachongera, panalibe satifiketi. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Achimwene, mukudzivutitsiranji? Akulipirani ndani?"

Iwo anati, "Iwe sudziwa. Mafunso okoma amawaika kumapeto, ndipo ine kusukulu sindinawaonepo. Ndimafuna ndizifikako."

Ndinaseka nthawi imeneyo, poti ndinali mnyamata ndipo ndinkayesa chilichonse ndi phindu lake. Mawu a akulu amakoma akagonera.

Tsopano tidumphe tifike dzana lomweli. Mwana wanga Mphatso mumamudziwa, uja wa tayi amene amagwira ntchito ku maofesi a boma ku Kapitolo ndipo akabwera pano amayenda chonyang'ama kuopa matope. Mwana wake wamkazi, Tadala, ali ndi maso ofooka chibadwire, ndipo ngakhale avale magalasi amawerenga mphuno itagunda pepala, chilembo chimodzichimodzi. Koma mutu, ndikuuzeni, ndi wa a Layisoni. Anamulowetsa sukulu yolipira, ya mpanda wa njerwa ndi chikwangwani chachikulu chonena kuti ana onse a pamenepo amakhoza.

Tadala atafika sitandade eyiti, Mphatso anabwera pa benchi pano nkhope ili ngwee. "Adadi, tachita mwayi. Ahedi akuti Tadala asalembetse mayeso chaka chino, maso ake apume, ndipo chaka chamawa abwereze kalasi ulere, osalipira kalikonse."

Ine ndinamva fungo la nkhuku ija ya ku Mchesi. Ndinati, "Unanenerera?"

"Ayi, anena okha."

"Ndiye unaitembenuza?"

"Kutembenuza chiyani, adadi? Si nsapato iyi."

Anthu ophunzira amandisangalatsa. Amadziwa likulu la dziko lililonse, koma sadziwa kuti munthu wa bizinesi sapatsa ulere chifukwa chokonda nkhope yako.

Mwayi wake, ndili ndi kasitomala wina, mayi wophunzitsa ana osaona, amene amagula nsapato zafulati chifukwa amaima tsiku lonse. Ndinamufunsa, ndipo anandiuza zinthu zimene zinandikhazika pansi. Akuti masiku ano mwana wa maso ofooka amamusindikizira pepala la zilembo zikuluzikulu, wosaona amamupatsa la timadontho towerenga ndi zala, ndipo wochedwa chifukwa cha ulumali amamuwonjezera nthawi, bola sukulu itchule vuto lake polembetsa mayina, ndi umboni wa kuchipatala. Ndinati, "Mayi, mukuti nthawi amawonjezera? Wotchi ija inaphunzira chisoni?" Iwo anati, "Si chisoni, madala, ndi ufulu wake wa mwanayo." Theka la ola lija, ana inu, limene a Layisoni anapempha n'kusekedwa, lero lili pa shelefu, likungodikira wolifunsa.

M'mawa mwake ndinasankha nsapato yabwino pa mulu, yoti ndivale n'kuibweza madzulo, n'kupita ku sukuluko ndi Mphatso. Ahedi ake anali mayi aulemu, a mafuta onunkhira, ndipo anatilandira ndi tiyi. Tiyi wa wogulitsa, mukumbukire, amalowa mu mtengo.

"Agogo," anatero, "ife timamukonda Tadala. Sitikufuna achite manyazi."

Mawu omwewo! Ndinayang'ana pawindo kuti mwina ndiona njinga yakuda.

Ndinati, "Mayi, zikomo chifukwa cha chikondi. Koma ine ndabwera kudzakana ulerewo. Fizi tilipira yonse, ndipo mwanayo alembe chaka chino, pepala la zilembo zazikulu ndi nthawi yake yowonjezera."

Mphatso anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ine amene ndinanenerera ngakhale bokosi la maliro a apongozi anga, lero ndikukweza ndekha mtengo! Ahedi anati, "Agogo, zimenezo ndi zovuta. Pamafunika mapepala a kuchipatala, chipinda china, woyang'anira wina. Ndiye akalephera?"

"Akalephera alephere atafika kumapeto kwa pepala. Kulephera kotero tikulandira."

"Koma mbiri ya sukulu yathu..."

Apo ndiye kunsi kwa nsapato kunaonekera, ndipo ndinamwa tiyi wanga mosathamanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako ndinati, "Mbiri ndi chinthu chabwino, mayi, nanenso ndimadya mbiri. Januwale aliyense ndi Sepitembala aliyense makolo amadzaza pa benchi panga kugula nsapato zakuda za sukulu, ndipo mwana akamayesa, iwo amandifunsa kuti madala, sukulu yabwino ndi iti? Ine pakamwa panga palibe chitseko. Ndikhoza kumawauza kuti pali sukulu ina imene ana onse amakhoza chifukwa amene angalephere amawabisa kukhitchini alendo akamabwera. Kapena ndikhoza kumawauza kuti pali sukulu ina imene inalembetsa mwana wa maso ofooka, n'kumupezera pepala lake. Zonse ziwiri ndi nkhani zokoma kukamba. Musankhe inu yoti ndizikamba."

Mayiwo anaseka, kuseka kwenikweni, n'kuti, "Agogo, inu mumagulitsa chiyani?" Ndinati nsapato. Anati, "Mwana apite kuchipatala sabata ino, mayina tisanatumize." Sanali munthu woipa nayenso. Anthu ambiri si oipa, amangofuna wina awathandize kuwerengera bwino phindu lawo.

Tadala analemba. Anzake atatuluka n'kumakuwa panja, iye anatsala m'kachipinda kake ndi pepala lalikulu ngati nyuzipepala, ndipo woyang'anira anakhala phee kumudikira. Zotsatira musandifunse ngati za mpira; anakhoza, osati pamwamba penipeni, koma lero ali ku sekondale ndipo chikwangwani cha sukulu ija sichinagwe.

Koma chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Mayeso atangotha, zotsatira zisanatuluke, ndinamutenga Tadala kupita naye ku Mchesi, kumene a Layisoni ankakhala atapuma ntchito, miyendo itatupa ndi kuima kwa moyo wonse. Tinawapeza pakhonde akuothera dzuwa. Sanafunse ngati mayeso anali ovuta, sanafunse ngati akhoza. Anati, "Mdzukulu wanga, unafika kumapeto?"

"Ndinafika, agogo."

"Pepala lililonse?"

"Lililonse. Mpaka ndinabwereza kuona zolakwika."

"Kubwereza!" anatero iwo, akugwedeza mutu ngati amva za dziko lakutali. "Tandiuza, la masamu, funso lomaliza linali lotani?"

Tadala anayamba kulinena, za thanki ya madzi yodontha, ndipo asanamalize, a Layisoni anali atayankha kale. Mwanayo anakuwa kuti, "Ndi zomwe ndinapeza ine!" Awiriwo anaseka mpaka kutsokomola, koma ine ndinatembenuka kuyang'ana mapapaya, pakuti munthu wamalonda salira pagulu. Mvula yotsatira inawapeza achimwene atatisiya.

Tsono inu amene muli ndi ana, kapena mudzakhala nawo, mukaona mwana akuchedwa, musafulumire kunena kuti ndi mbuli. Muyambe mwaona ngati vuto lili m'mutu, m'maso, m'khutu kapena m'dzanja, ndipo mukapita kusukulu mukafunse zimene anamukonzera, mwaulemu koma osachita manyazi, poti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wina akakuuzani kuti apume chaka chino, mumuthokoze, mumwe tiyi wake, koma nsapatoyo muitembenuze.

Mvula yakata, vundukulani katundu. Mphatso mpaka lero amadandaula kuti ndinamutayitsa fizi ya chaka chathunthu, ndipo ine ndimamusiya adandaule, poti iye analipira zotchipa. Malonda a ku Mchesi aja ndiwo anadula. Ahedi anapeza mbiri, mlamu wawo anapeza mlonda, ife tinadya nkhuku, ndipo bilu yonse inapita kwa a Layisoni. Anapempha theka la ola, analipira moyo wonse pa geti.