Mkamwini Amene Anadzala Mapapaya

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Aleluya! Azibambo kumbuyoko sindinakumveni. Aleluya!

Ine ndine Banda. Kwathu ndi ku Vubwi, koma ndinakwatira kuno, kufupi ndi Mkaika. Ndine mkamwini. Inde, sekani! Ndine mkamwini, ndipo sindichita nazo manyazi.

Amene muli pachikamwini mukudziwa lamulo lake. Umalima munda wa eni. Umamanga nyumba pamalo a eni. Koma mtengo sudzala. Ukadzala mtengo, amati wayamba kulanda malo.

Mkazi wanga Naphiri ali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, kukiliniki anati magazi achepa, azidya masamba ndi zipatso. Ndinayang'ana pakhomo pathu. Mbee, ngati bwalo la mpira! Msika wa ku Katete kutali. Ndinati ayi, ine ndinakulira pakhomo pa zipatso, manja ndili nawo.

Ndinamanga mpanda wa udzu kuseri kwa nyumba. Ndinafesa repu, mpiru, matimati, anyezi. Pamenepo panalibe wolankhula. Koma nditadzala mapapaya, magwafa ndi malalanje, anatulukira alamu anga aPhiri, achimwene ake a mkazi wanga, eni mbumba.

"Alamu, izi n'chiyani? Mwayamba kuika malire?"

Anazula. Ine ndinadzalanso. Anazulanso. Ndinadzalanso! Mpaka Naphiri anaima pakhomo la mpanda, nati, "Achimwene, mukazula wina, muzule ndi ine ndemwe." Anasiya.

Abale anga, dimba la pakhomo si masewera. Madzi ndinkatunga pamjigo, zigubu panjinga, pamzere umodzi ndi azimayi. Amuna anzanga ali pabawo ankandiseka, amvekere, "Akazi a Naphiri akudutsa!" Madzi otsukira mbale kwathu sankatayika. Madzi a kubafa ndinawakumbira ngalande yopita ku nthochi. Zitosi za nkhuku, ndowe za mbuzi, ndinkatola ngati mtedza. Ana anabadwa atatu, onse anakula akuthyola gwafa ndi manja awo.

Kenaka chinabwera chilala chija. Mukuchikumbuka. Chimanga chinapsa chisanabereke. Nkhokwe zinali pululu. Koma kuseri kwa nyumba ya mkamwini kunali biriwiri! Tinaphika mapapaya aawisi. Tinaphika nthochi. Mbumba yonse inadya. Ngakhale aPhiri ankatuma akazi awo kudzathyola repu, iwo akuyang'ana kumbali.

Apongozi anga, amayi ake a Naphiri, ndinkangowasiyira dengu pakhonde n'kuchoka. Mukudziwa mwambo wathu. Mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso, sadyera pamodzi. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Zaka zonsezo tinkakhala choncho.

Njala tinaipulumuka. Koma mvula itabwerera, Naphiri anadwala. Tinathamangira naye kuchipatala. Sanabwerere.

Abale, ndinalira. Ndinalira ngati mwana. Ndinkathirira mbewu misozi ili chuchuchu, osaona ngakhale pamene ndikuthira.

Miyezi itapita, linafika tsiku londisudzula, londimasula kuti ukwati watha ndi imfa. Abale onse a mkazi wanga anasonkhana pabwalo la nyumba yanga. APhiri anayamba bwinobwino.

"Alamu, munatisungira bwino mlongo wathu. Lero takumasulani. Mlendo ndi mame. Bwererani ku Vubwi. Ana ndi athu, atsala."

Ana atsala! Amayi awo apita, ndiye abambo awonso apite? Ena anali atandiuza kuti ndipite kukhoti. Koma ukakokera amalume a ana ako kukhoti, anawo adzalowanso m'nyumba ya ndani pamudzi?

Ndinati, "Alamu, mitengo tengani. Nyumba tengani. Ana okha musandilekanitse nawo."

"Mwambo ndi mwambo, alamu."

Ndinangoti mumtima, Ambuye, ine pano ndilibe pakamwa, ndilankhulireni Inu.

Tamverani tsono zimene Mulungu amachita! Apongozi anadzuka pakati pa azimayi. Analowa m'dimba. Anatuluka ndi papaya lakupsa. Anaitanitsa mpeni. Anabwera molunjika kwa ine, n'kukhala pansi patsogolo panga penipeni. Ine ndinafuna kuthawa! Anadula papaya lija, n'kudya chidutswa akundiyang'ana m'maso. China anandipatsa.

"Idyani, aBanda."

Abale ndi alongo, chikwatirire ndinali ndisanamvepo mawu awo akulankhula ndi ine. Ndinadya.

Apongozi anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe Phiri, wati mame? Mame amauma dzuwa likatuluka. Dzuwa linatuluka lija, linaotcha chimanga chako chonse, munthu uyu sanaume. Ndinadya za m'manja mwake chaka chonse chanjala. Mwana wanga wamkazi ndaika m'manda. Wamwamunayu simundilanda."

APhiri anayang'ana pansi. Kenaka anati, "Amayi anena."

Aleluya! Ndati aleluya!

Lero ndikadali pamudzi pomwepo. Dimba lakula. Malalanje akubereka mpaka ndimachirikiza nthambi ndi mphanda. Matimati ndimapita nawo kumsewu waukulu, a maminibasi amagula. Sukulu ana akupita. Apongozi amabwera kudzakhala pamthunzi, timacheza, amandidzudzula kuti anyezi ndathinanitsa. Ine ndi aPhiri tinagwirizana, ndipo mbande zawo za magwafa anatenga kwa ine. Ndikunena monyada, inde, ndikunyada! Koma amene anagwetsa manyazi a apongozi tsiku lija si ine ayi. Ndi Yehova.

Zikomo Ambuye. Zikomo abusa, zikomo mpingo wonse, munandigwira dzanja pamaliro paja.

Ndisanakhale pansi, ndikupempha chimodzi. Ana anga, Esinati, Yobe, Tamara, imirirani kumeneko. Musachite manyazi, imirirani anthu akuoneni.

Ndi amenewo, abale anga. Tikatuluka muno, tibwerera limodzi kunyumba.

Ameni.