Kalata ya a Wendell Yokana Mayeso

Mlamu wanga Wendell, yemwe anapuma ntchito yokokolola sinowo, chipale chofewa chija, m'misewu ya mzinda wozizira wa Duluth, anamva kuti oyang'anira msika wa masheya akuganiza zoti anthu wamba aziyamba alemba mayeso asanaike ndalama m'matumba ena oopsa. M'mawa mwake anakhazika mkazi wake Marlene pakompyuta kuti alembe kalata yokana, kuiwala kuti Marleneyo anatha zaka makumi atatu m'sitolo ya mankhwala akuwerengera anthu malangizo a pabotolo.

"Lemba," anatero Wendell, khofi ali m'manja. "Musatiletse. Ndife anthu akuluakulu."

"Ndalemba. Ndiikepo zaka zanu?"

"Zaka zanga za chiyani? Lemba kuti ndalama ndi zanga!"

Marlene anachotsa zala pakompyuta. "Ziti, a Wendell?"

"Zomwe ndinaika m'thumba langa la masheya lija."

"Zija ndi za makina otenthetsera nyumba. Munati mwangozisungitsa. Okutobala uno, makina akalewo akutsokomola."

"Tigula atatu! Thumba langali ndi lotembenuka. Msika ukatsika kamodzi, ilo limakwera katatu. Ndipo chaka chino watsikako."

"Atatu tiwaika kuti? Nyumba ndi imodzi."

"Iwe Marlene, lemba!"

M'malo molemba, Marlene anavala magalasi n'kutulutsa m'kabati chikalata cha thumbalo, chomwe Wendell anali asanachitsegule n'komwe.

"Pano akuti katatuko ndi ka tsiku limodzi."

"Amenewo ndi maloya, amalemba kuti aoneke otanganidwa."

"Inu mwalisunga masiku angati?"

"Miyezi khumi ndi inayi. Munthu wanzeru amagula n'kudikira, bambo anga ankatero."

"Bambo anu ankagula mathirakitala." Anatembenuza tsamba. "Akuti msika ukamakwera lero n'kutsika mawa, thumbali limanyenyeka ngati sopo wosiyidwa m'madzi."

"Alemba za sopo?"

"Sopoyo ndi wanga. Kunyenyekako ndi kwawo. Kukalowa munthu kusitolo atamwa mankhwala a tsiku limodzi kwa chaka chathunthu, tinkaitana ambulansi."

Wendell anamenya tebulo mpaka khofi anadumpha. "Ndiye mayeso ake amenewa? M'nyumba mwanga momwe?"

"Ayi, awa si mayeso. Pamayeso mukanapatsidwa pensulo."

"Tsegula akauntiyo uone wekha! Tsegula, uchite manyazi!"

Marlene anatsegula. Anayang'ana, napukuta magalasi, nayang'ananso.

"Munaika madola zikwi zisanu ndi zinayi eti?"

"Eya. Nena, usaope, zafika pati?"

"Zikwi zinayi."

"Zoonjezera?"

"Zonse."

Wendell analanda kompyutayo n'kuigwedeza ngati muli zina zatsakamira mkati. "Koma msika watsika! Ndimaonera pa TV tsiku lililonse!"

"Watsika, wakwera, watsika. Tsamba lachiwiri, a Wendell. Ndikuwerengereninso?"

Pansi pa nyumba makina aja anatsokomola kawiri n'kukhala chete. Wendell anakhala pampando, nkhope ili gwa, kenaka anadzuka ndi ukali watsopano.

"Akuba! Chinthu chotere amagulitsa bwanji kwa munthu osamufunsa kanthu? Boma lili kuti? Bwanji palibe amene anandiletsa?"

Marlene anakokera kompyuta kwa iye, zala zili chire.

"Pang'onopang'ono, ndilembe bwino. Zimenezi ndiziike pamwamba pa 'Musatiletse' kapena pansi pake?"