Kadzidzi wa pakhonde pa a Gerishon Jimu

Malemu achimwene anga, bambo Gerishon Jimu, anabadwa pa 14 Malichi 1957 kuno kwa Nsambe. Ine ndine Herbert, mng'ono wawo. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yonse, yokoma ndi yowawa yomwe, chifukwa tamva kuti ena mwapangana kale zoti tikangochoka kumanda, alamu anga mayi Callista asamuke pamudzi pano.

Sukulu anayamba mu 1965 ndipo analekera Fomu 2. Ali mwana, legeni sankaigwira n'komwe. Anzathu akamalasa mbalame, iwo ankangokhala phee pansi pa mtengo n'kumaziyang'ana.

Mu 1978 analembedwa ntchito yoyendera nkhalango. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anazungulira mapiri a Neno ndi kope m'thumba, kulemba za mbalame, agulugufe ndi mapazi a nyama: iyi yaikira mazira kuti, iyo yabwera mwezi uti. Mu 1982 anakwatira mayi Callista a ku Lisungwi ndipo anawatenga chitengwa. Ndiye kuti mayiwa akhala nanu zaka makumi anayi ndi ziwiri, kukuphikirani pamaliro anu ndi pamaukwati anu.

Mu 1994 achimwene anapuma pantchito. Apa n'kuti mitengo itayamba kuthera m'matumba a makala. Ataona kuti nang'omba ndi nkhwali zikusowa, anaganiza zozijambula kuti zidzukulu zidzadziwe maonekedwe ake. Anayamba ndi khala pa katoni, kenako penti pa nsalu. Enanu munkabwera ndi alendo anu kudzaona gwape wojambulidwa, n'kumanyadira ngati munajambula ndinu.

Mu 2019 anajambula kadzidzi. Ankamulemekeza chifukwa amadya makoswe amene amaononga nkhokwe zanuzo. Chithunzicho anachiimika pakhonde kuti penti iume, ndipo sabata yomweyo pamudzi panamwalira mwana ndi malungo. Basi, mlandu unagamulidwa. Munthu amene anaimba nanu kwaya zaka makumi atatu anasanduka mfiti chifukwa cha penti! Pa 9 Okutobala, masanasana, zithunzi zawo zonse ndi makope onse aja zinatenthedwa pabwalo iwo akuona. Mayina sinditchula. Eni ake mukudzidziwa, ndipo ena ndakumvani m'mawa muno mukulira mokweza kuposa ife.

Kuchokera tsiku limenelo sanagwirenso burashi. Moni unatha. Alamu anga akafika pamjigo, anzawo ankatola zidebe n'kumwazikana. Zimenezi zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Mu Juni 2024 achimwene anayamba kudandaula m'chifuwa. Anyamata a kabaza onse anakana kuwanyamula. Mayi Callista, pamsinkhu wawowu, anawakweza panjinga n'kuwakankha okha mpaka kuchipatala cha Nsambe, kumene anawatumiza ku Lisungwi. Anatisiya pa 3 Ogasiti 2024 ali ndi zaka 67.

Asiya akazi awo, ana atatu, a Wongani, a Tiwonge ndi a Alinafe, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Tikuthokoza abusa, amene sanasiye kudzacheza nawo. Tikuthokoza adzukulu a ku Luwani, amene ayenda ulendo wonsewo kudzakumba manda, a pano atakana kugwira khasu.

Tsopano mawu a banja ndi awa. Mayi Callista sapita kulikonse. Njerwa za nyumba ija anaumba ndi manja awo, ndipo adzagona pafupi ndi amuna awo. Ngati alipo amene akufuna kuwachotsa, asadikire kuti tibalalike. Aime pompano, pamaso pa bokosili, anene yekha.

Palibe, eti? Zikomo.

Achimwene, usani mumtendere, umene kuno kwanu tinakumanani.