Mzere wa a Delfina

Ngati simunamve zimene zinachitika Lachiwiri m'kashopu ka Casimiro, kaja kojambula mapepala ku Chiuaula kuno ku Lichinga, ndiye khalani pansi. Dona Hanifa a ku Sanjala anapitako kukatumiza makadi a ukwati wa mwana wawo Assia pa mafoni a anthu, atalumbira kale pamsika, azimayi onse akumva, kuti neba wawo Dona Delfina kadi saiona, chifukwa a Delfinawo akuti ananena kuti mkwati ndi wamfupi moti pojambulitsa adzachita kukwera pa mtondo.

Mayina onse anali kale m'kompyuta. Vuto linali Casimiro, amene dzanja lamanja anali atalikulunga bandeji.

"Iwe, lamanzerelo ukupita nalo kuti?" anafunsa Dona Hanifa.

"Ndigwire rato, kambewa ka kompyutaka, Dona. Lamanjali linalumidwa ndi tcheni cha njinga yamoto."

"Alendo anga uwaitane ndi dzanja lopita nalo kuchimbudzi? Astaghfirullah!"

"Ndasamba ndi sopo."

"Suntha. Ndigwira ndekha."

Anakhala pampando, navala magalasi, n'kugwira karato kapulasitiki kaja ndi zala ziwiri ngati kaluma.

"Mukuona mtengowu?" anatero Casimiro.

Dona Hanifa anasuzumira pakhomo. "Wa mapeyalawo?"

"Ayi, pa kompyutapa. Mayina ndawaika ngati mtengo. Iyi nthambi ya kuchimuna, iyi ya kwanu, iyi ya maneba. Pansi pa nthambi pali anthu ake, aliyense pamzere wake. Mzere ukasanduka wabuluu, ndiye kuti munthuyo mwamusankha, alandira kadi."

"Nanga bwanji akuchimuna ali pamwamba pa ife?"

"Alifabeti, Dona. Bambo a mkwati ndi a Abacar, amayamba ndi A."

"Mwanayo pomubereka ine, alifabeti anali kuti?"

"Sindinaliko. Dinani kumanzere."

Dona Hanifa anaponya rato uko. "Wayambanso!"

"Ndikunena batani lamanzere. Chala ndi chamanja chomwecho."

"Chala chamanja chikalowa kumanzere chimakhala cha kuti?"

Casimiro anayang'ana kudenga, kuganiza ndithu. "Chimakhala mlendo."

"Ine ndidina kumanja. Zabwino zonse n'zakumanja."

Anadinadi kumanja, pamzere wa a Abacar. Kabokosi kanatumphuka, kali ndi mawu.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Musagwedezeke! Kamuviko kaima pa Apagar. Mukangodina, apongozi anu afufutika onse."

"Onse?"

"Onse."

"Ndi azakhali ake aja a ku Chimbonila, otafuna mokweza aja?"

"Nawonso ali pansi pa nthambi yomweyo."

Chala cha Dona Hanifa chinakhala m'malere kanthawi ndithu, inu. Kenako anapumira m'mwamba. "Asiye. Analonjeza matumba awiri a mbatatesi."

Anavomera batani lamanzere lija, koma mokwiya, ndiye analimenya kawiri, kha kha! Mayina onse a kuchimuna anazimiririka, kutsala a Abacar okha.

"Mayo ine! Apita kuti anthu?"

"Mwadina kawiri, nthambi yapindika. Ali mkati."

"Mkati mwa ndani?"

"Mwa a Abacar."

"Anthu makumi atatu?" Anayandikiza nkhope pagalasi. "N'chifukwa chake chimimba chija."

"Dinaninso kawiri, atuluka."

Anatulukadi. Dona Hanifa anawawerenga ndi chala mmodzimmodzi, kuopa kuti wina watsalira m'mimbamo. Kenako anadina mzere wa Shehe, n'kusanduka wabuluu. Anamwetulira. Anadina wa akazi awo a Shehe, wa Shehe uja n'kuyera mbee.

"Aa! Shehe athawa!"

"Sanathawe. Mukadina wina, woyambayo amamasuka."

"Angoona akazi awo n'kumasuka? Ndimadziwa ine kuti m'nyumba muja simuli bwino."

"Za m'nyumba sindikudziwa, Dona. Ndikudziwa za batani ili lapakonali, la Ctrl. Mulipanikize osalisiya, ndiye onse amene mukuwadina akhala abuluu limodzi."

"Ndilipanikize ndi chiyani? Lamanja lili pa rato."

Casimiro anayang'ana dzanja lawo linalo.

"Usayerekeze."

"Lamanzere silikuitana munthu ayi. Likungogwira chitseko kuti olowa asatuluke."

Dona Hanifa anaganiza. Pa maukwati onse amene anapitako, wogwira geti amakhaladi munthu wosafunika kwenikweni. Anaika chala chamanzere pa batanipo, nkhope atayang'ana kumbali.

"Koma pali njira yachidule," anatero Casimiro. "Tiwasankhe onse kamodzi, kenako tichotsepo a Delfina okha."

"Ndiye kuti Delfina akhale wabuluu?"

"Kwa sekondi imodzi."

"Ngakhale theka. Mkazi amene uja sekondi imodzi imamukwanira kudya mbale ziwiri."

"Mayina alipo makumi asanu ndi atatu."

"Ndathamangira kuti?"

Ndiye anayamba, mzere ndi mzere, aliyense ndi ndemanga yake. Uyu sanabweze sefuliya. Uyu mwana wake wabwera ku Nampula ndi mimba yopanda dzina. Uyu abwere, koma asavine. Kunja kunkazizira ngati mwa masiku onse a Juni, koma iwo thukuta lili kamukamu, chala chamanzere chidakali pa Ctrl paja. Atafika pa nthambi ya maneba anadina Ana Maria, anadina Anita, n'kulumpha mzere umodzi, n'kudina Rosália womaliza.

"Mwalumpha mzere," anatero Casimiro.

"Ndikudziwa."

"Wa a Delfina."

"Ndati ndikudziwa! Ndabwerera chiyani kuno?"

Anauyang'ana mzere woyera uja uli wokhawokha pakati pa abuluu, mtima wawo n'kuchita kuti myaa. Koma mukuwadziwa Dona Hanifa, kupambana mwakachetechete sikuwakwanira.

"Uyu ndiye woyenera lamanzere," anatero. Anasuntha kamuvi kufika pa dzinalo, n'kuchotsa chala chamanzere pa Ctrl paja, n'kubaya nacho rato. "Nayo kadi yako, mayi wa mtondo!"

Pomwepo anavula magalasi n'kuyamba kupukuta maso ndi nsonga ya mpango, poti anali atawawa ndi kuwala. Sanaone kuti mizere yonse ija yayera, wabuluu watsala umodzi.

"Dona, mwasiya chitseko."

"Ndamaliza, ndichigwirirenji? Tumiza."

"Koma pasintha."

"Pasinthadi. Lero aphunzira. Tumiza!"

"Nditumize kwa amene ali abuluuwa?"

"Nanga kwa ndani?"

"Iwowa basi?"

"Iwowo basi! Oyera asalandire kanthu, ngakhale moni."

"Mukutsimikiza kuti mukuwafuna pa ukwati?"

"Iwe Casimiro, ndakhala pano maola awiri chifukwa cha iwowo. Ndikuwafuna, ndimawakonda, akhale kutsogolo. Tumiza!"

Casimiro anagunda Enter ndi bandeji. Kompyuta inalira kuti tii.

Dona Hanifa anabwezera magalasi. Anayang'ana. Anawavula, kuwapukuta, kuwavalanso.

"Anthu anga ali kuti?"

"Ayera. Munadina a Delfina mutasiya Ctrl, ndiye anatsala okha."

"Ndiye kadi yapita kwa...?"

"Kwa a Delfina."

"Yekha? Lichinga yonseyi?"

"Ndinakufunsani kuti iwowa basi."

"Iwowa ndi anthu ambiri, chitsiru iwe!"

"Iwowa ndi a Delfina. Ndi aakulu kwa ine, sindingawatchule kuti uyu."

"Ulemu wakowo ukadye nawo! Ibweze! Ibweze msanga asanaione!"

"Zimatheka. Mudine kumanja pamzere wawo, kenako..."

Foni inalira m'chikwama. Dona Hanifa anaitulutsa, kuona dzina, n'kuyang'ana Casimiro ngati amumeze. Anayankha ndi mawu ouma. "Alô."

Mawu a mbali inayo ankamveka mpaka pakhomo, munthu akulira. "Mana Hanifa, m'bale wanga! Ndafunsa Rosália, ndafunsa Anita, onse akuti sanalandire. Mwayamba ndi ine? Ine wapakamwa ine? Masiku onsewa chakudya sichimatsika. Mundikhululukire, mwana uja si wamfupi, ndi wojintcha chabe. Bolo la ukwati ndiphika ine, la nyumba zitatu zosanjikana, musapatse wina!"

Apa muyenera kudziwa kuti bolo la a Delfina, keke yawo ija, ndi limene anthu amakanganirana ku Sanjala konse, ndipo Assia anali atalira kale kawiri chifukwa cha bolo lomwelo.

Dona Hanifa anakhosomola. Anakonza mpango. "Aa, mana, nanga ndikanayamba ndi ndani? Enawo adikire."

Anatseka foni, akumwetulira okha.

Casimiro anawasunthira rato pafupi. "Ndiye mudine kumanja pamzere wawo, musankhe Apagar. Ifufutika ngakhale aiwerenga."

Dona Hanifa anaphimba galasi la kompyuta ndi manja onse awiri.

"Ungokhudza mzere wa mnzanga, uone."