Nkhunda yomwe ndinakwechera mapazi

Inu a pawailesi, iyi muwerenge mokweza, anzanga a ku Sadzi amve!

Mkamwini wanga amasema mwala wofewa uja wonga dongo louma, woti ndi mpeni womwe umasemeka. Ankasema nkhunda yokapereka kutchalitchi pa ubatizo wa mdzukulu wanga.

Ine maso anatha. Nditaipeza pakhonde isanathe ndinati, eee, mwala wabwino wokwechera mapazi! Kubafa kweche, kweche, uku ndikuimba. Potuluka, mwana wanga anagwira pakamwa: "Amayi, phiko limodzi mwalimaliza!"

Ubatizo unali mawa lake. Kwathu ine ndi mkamwini sitiyang'anana kumaso, nanga ndikanapepesa bwanji? Ndinagwada kuseri kwa chitseko n'kuulula.

Mkamwiniyo anatenga nkhundayo n'kuitembenuza. Kenako anati, "Amayi, ine ndimafuna iziuluka, inu mwaikhazika pansi. Kwechani phiko linalo, mapikowo afanane."

Ndinakwecha, koma ulendo uno ndi manja, ee, ndi manja!

Lamulungu nkhunda yopinda mapiko inakhala phee paguwa, mwana akuthiridwa madzi. Mkamwini anauza abusa kuti, "Tasema awiri, ine ndi apongozi."

Nthungululu yanga inamveka mpaka kuphiri.